Funsani Amadamu: Ulendo wa ana asukulu ukavuta muli kunja

Mwezi uno makalata anayi onse achokera ku Chigwa cha Shire, kaya mwachita kupangana kaya. Ndawadulako pang'ono poti ena mumalemba ngati kompozishoni ya MSCE.

Amadamu, ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nsanje. Sukulu yathu ili pa ubale ndi sukulu ina ya ku Scotland, ndiye anzathuwo atiitana kuti tipiteko ndi ana 8 a Fomu 3 mu June kwa masabata awiri ndipo ahedi asankha ineyo ndi amadamu ena kuti titsogolere. Kunena zoona sindikugona. Ndege ine ndimangoiona ikudutsa m'mwamba, kutali komwe ndinafikako ndi ku Tete ndiponso kunali pa basi. Anawa ena Blantyre yeniyeniyi anangoiona tsiku lomwe tinakajambulitsa za pasipoti. Nanga mwana akakasochera? Nanga ndege ikatisiya panjira? Bambo wina anachita kubwera kunyumba ndi nkhuku nkundiuza kuti asala mwanayu ndakupatsani wamoyo, mudzandibwezere wamoyo. Ndikuganiza zokawauza ahedi kuti angosankha wina. Takhuta.
Mphunzitsi wamantha, Bangula

Asala, nkhukuyo idyani musabweze, ndipo kwa ahedi musapiteko. Mphunzitsi amene akusowa tulo chifukwa cha ana a eni ndi amene ine ndingamupatse mwana wanga, osati uja mutu wake uli pa alawansi ndi zithunzi zoika pa Facebook.

Koma ndisakunamizeni, chinachake chidzavuta basi. Ndatsogolerapo ana kunja kangapo ndipo sindikukumbuka ulendo umene unatha wopanda pokhota. Zinthu zikavuta ana sayang'ana pa sikirini kapena kwa munthu wa pa kauntala, amayang'ana nkhope yanu. Mukangotuluka thukuta pamphumi nkuyamba kuyankhula mokweza, onse 8 ayamba kulira nthawi imodzi, wina aimbira mayi ake kwa Tengani ndipo pomafika madzulo mudzi wonse wamva kuti ana asowa ku Ulaya. Ndiye konzani zinthu mukadali konkuno, kuti tsiku loipalo mudzakhale ndi chogwira m'manja, nkhope ili phee ngakhale mtima uli m'mwamba.

Tiyambe ndi msewu wathu womwewu, poti anthu amaopa ndege chonsecho ulendo umatha kufera pakati pa Bangula ndi Chileka. Mukagone ku Blantyre dzulo lake, asakunyengeni dalaivala wa minibasi woti tinyamuka 3 koloko m'bandakucha tikafika bwino. Thiraki imodzi ikangofera pa zikweza za kumtunda kwa Thabwa kuja, mwakhala. Mafuta akasowa, mwakhala. Mu June mvula kulibe inde, koma amene ulendo wawo ndi wa pakati pa January ndi March akumbukire zomwe namondwe Ana anachita mu 2022 ndi Freddy mu 2023, M1 inaduka, chigwa chonse kukhala ngati chilumba. Ngati pali mwana wa ku East Bank wowoloka pa boti pa Mtayamoyo, ameneyo abwere kukadali masiku awiri, adzagone kwa amadamu anzanuwo.

Kenako mapepala. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno mwana kusukulu amalembetsa dzina la amalume amene akumulipirira fizi, pa satifiketi ya kubadwa ya ku NRB pali la bambo ake, ndiye wina akangotumiza mayina a mu rejisitala kwa ogula matikiti inu mukadziwira pa kauntala ku Chileka. Khalani pansi ndi mapasipoti onse 8 ndi pensulo, muwerenge nokha. Mwana aliyense akhale ndi kalata ya chilolezo yosainidwa ndi kholo kapena womulera, yodindidwa, pamodzi ndi fotokope ya chitupa cha unzika cha khololo. South Africa mu 2015 inakhwimitsa kwambiri lamulo la ana odutsa m'malire ake, inadzalifewetsa mu 2019, koma inu nyamulani zonse, munthu wamkulu woyenda ndi ana 8 osakhala ake amafunsidwa paliponse ndipo amachita bwino kufunsa. Zonsezi, kuphatikizapo tsamba la chithunzi la pasipoti ndi viza, mupange mafotokope atatu, faelo yanu, faelo ya amadamu, ina itsale kwa ahedi. Muzijambulenso pa foni. Musaiwale tizithunzi ta pasipoti tapadera, tiwiritiwiri mwana aliyense.

Mapasipoti enieniwo ana asasunge. Mumagawa pamzere wa a imigireshoni, akangodutsa mwatolera pompo, kuwerenga, kubweza m'kachikwama kokoleka m'khosi mkati mwa malaya. Ikatayika imodzi muli ku Scotland, mukanene ku polisi akupatseni nambala ya lipoti, kenako muimbire ofesi ya kazembe wa Malawi ku London kuti akonze chikalata chapangozi chobwerera nacho kumudzi. Kuchoka ku Glasgow kupita ku London ndi maola anayi ndi theka kapena asanu pa sitima, ndiye mmodzi wa inu apita ndi mwanayo, winayo atsala ndi gulu. Nchifukwa chake aphunzitsi amakhala awiri, ndipo awirinu musaike ndalama ndi mapepala m'chikwama chimodzi.

Za ndege tsopano. Kuchoka ku Malawi kulibe yopita ku Ulaya osaima, musinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, mwinanso kachiwiri kutsogoloko. Muwauze ogula matikiti kuti ulendo wonse ukhale pa bukingi imodzi kuyambira ku Chileka mpaka ku Glasgow kapena Edinburgh. Zikakhala choncho ndege yoyamba nkuchedwa, yachiwiri nkukusiyani, kampaniyo ndiyo imakuikani pa ina osalipira kanthu. Koma akagula zidutswazidutswa pofuna zotchipa, iyi payokha iyo payokha, ikakusiyani yakusiyani, mugula ena ndi ndalama zanu anthu 10, ndipo mukudziwa nokha mmene dola ikusowera. Zikavuta pitani pa desiki ya kampaniyo ndi mapasipoti onse, munene modekha koma momveka kuti ndife gulu la ana asukulu, sitisiyana. Mwina akuuzani kuti malo alipo anayi lero, ena mawa. Zikakanikiratu gawanani, koma gulu lililonse likhale ndi mphunzitsi wake, atsikana apite ndi amadamu.

Ndikuuzeni manyazi anga. Ulendo wanga woyamba tinasinthira ku Addis usiku. Ana anayala zitenje pansi pafupi ndi geti, ena agona, ena akukukuta mabisiketi, ine ndakhala pa mpando nsapato ndavula ndikuyang'ana wotchi yanga ya pamkono, mumtima ndikuti aaa nthawi ikadalipo, ola ndi theka. Osadziwa kuti Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Kenya chimodzimodzi, ndipo nthawi ya pa tikiti imakhala ya komwe muliko osati ya ku Nsanje. Geti nalonso anali atasintha, analengeza ndithu koma Chingerezi cha m'zimkuzamawu chija ine ngakhale ndimaphunzitsa Chingerezi sindinatolepo kanthu. Anatipulumutsa ndi kamtsikana kena kofatsa, koti m'kalasi sungakamve mawu, kanapita kuchimbudzi nkubwera kudzandikoka dilesi, madamu nambala munatiuza ija ikuthwanima pa TV koma geti alemba lina. Tinathamanga abale! Ine nsapato m'manja, mnyamata wina wasenza zikwama zitatu, tinafika mayi wa pa geti atayamba kale kuitana mayina athu mmodzimmodzi, akuwapotokola moti sitikanadziwa nkomwe kuti akunena ife. Chiyambire tsiku limenelo ndikangotsika ndege ndimasintha wotchi, ndipo ana awiri ndimawapatsa ntchito yokasuzumira sikirini mphindi 15 zilizonse. Nambala ya ndege mwana aliyense ailoweze ngati nambala ya mayeso.

Zosocherazo ine ndimaopa kwambiri pa sitima kusiyana ndi pa eyapoti. Zitseko za sitima za kumeneko zimadzitseka zokha, si minibasi ya pa Dyeratu yoti ukuwa kuti taimani kwatsala mwana. Mphunzitsi mmodzi azikwera koyambirira, wina komalizira. Mwana aliyense mumupatse nambala, 1 mpaka 8, mukangoti tiwerenge azitchula motsatana, pakaduka mudziwa musanasunthe phazi. Muwauze mobwerezabwereza mpaka atope nanu kuti wotsala pa siteshoni aime pomwepo asasunthe, wopita yekha ndi sitima atsike pa siteshoni yotsatira nkuima, thandizo apemphe kwa wovala yunifomu. M'thumba mwa aliyense mukhale kakhadi kolembedwa dzina lake, nambala yanu, nambala ya mphunzitsi wokulandiraniyo ndi adiresi ya komwe mukugona. Mafoni musawadalire kwambiri, foni ya mwana yokhala ndi simu ya kuno ikafika uko imangokhala chidole mpaka mupeze WiFi. Mwayi wake mapulagi a magetsi ku UK ndi omwewa athuwa a mano atatu, machaja akagwira.

Chikwama nacho chimatha kusowa. Pa ulendo wina mnyamata wanga anaima pa lamba wozungulira uja mpaka anazima, anzake onse atenga zawo, iye ali chiimire maso pa kabowo komwe zikwama zimatulukira. Munali suti yobwereka kwa achimwene ake ndi kamkeka ka mlaza komwe agogo ake analuka kuti akapatse banja lomusunga. Sanalire, anangoti madamu ndiye ndikawapatsa chani. Zikatero musatuluke m'chipindamo musanalembetse. Pamakhala desiki ya katundu wosowa, mumadzaza fomu yotchedwa Property Irregularity Report nkukupatsani nambala, ndipo amafuna kasitika kaja amakupatsani popereka chikwama ku Chileka, ndiye tisitika timeneti tolerani nokha ana asatimate pa makope. Mukagula zofunikira monga zovala zamkati, sopo ndi mswachi sungani malisiti mudzaitanitse ndalama. Pa pangano la Montreal la 1999 lomwe maulendo ambiri a pakati pa mayiko amayendera, dandaulo la chikwama chochedwa mumalemba asanathe masiku 21 chilandirireni, chophwanyika masiku 7, ndipo chikatha masiku 21 osaoneka amachitenga kuti chatayika. Cha mnyamata wangayo chinabwera tsiku lachitatu, kamkeka kali bwinobwino. Koma panopa aliyense ndimamunyamulitsa zovala za tsiku limodzi, juzi ndi mankhwala m'chikwama cha m'manja.

Chinanso, ndipo apa ine ndimauma mtima. Kudzatulukira azakhali kapena ankolo a mwana wina okhala ku Leeds kaya ku Manchester, adzakuimbirani mokoma kuti timutengeko wikendi yokha. Kanani. Abwere adzamuonere pomwe muli, adye naye, ajambulitse, azipita. Wasainira mwanayo ndinu, viza yake anatengera ulendo wa sukulu, akapanda kubwerera ana onse a m'mbuyo mwawatsekera njira, ndipo bambo wa nkhuku uja simudzamuyang'ana kumaso.

Amadamu, mwana wanga wamkazi ali m'gulu lopita ku Germany ndi kwaya ya pasukulu pawo. Vuto lake malungo samuchedwa, chaka chino wadwala kale kawiri. Akakadwalira kumeneko azungu amawadziwa malungo? Komanso aphunzitsi akuti tisonkhe ya inshulansi, ine ndikuona ngati ndi njira yotidyera.
Mayi wa ana anayi, Nchalo

Mayi, ya inshulansiyo sonkhani, aphunzitsi sakukuberani. Viza ya mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowera viza imodzi, Germany ali momwemo, sapereka popanda inshulansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000, ndi lamulo lawo limenelo. Ingopemphani akuonetseni pepala lake muone ndi maso anu kuti dzina la mwana wanu lilipo.

Za malungo mwafunsa bwino kwabasi. Mwana atha kulumidwa ndi udzudzu ku Nchalo lero, kukwera ndege ali gwa, malungo nkudzatulukira patatha sabata kapena awiri ali ku Ulaya. Adokotala a kumeneko akaona mwana watentha thupi maganizo amathamangira ku chimfine poti malungo sawaona pafupipafupi, ndiye mphunzitsi anene yekha asanafunsidwe kuti tachokera ku Malawi, kwathu ndi kwa malungo, muyezeni magazi lero lomwe. Zoti tione mmene agonere ayi. Asananyamuke mupite naye kuchipatala akamuyeze, mufunsenso ngati angamulembere LA woti aphunzitsi anyamule, ali m'bokosi lake lomwe ndi kalata ya chipatala, osati mapilitsi omanga m'kajumbo ka shuga. Buku lake la kuchipatala lija lipite nawo. Ngati pali mankhwala ena omwe amamwa tsiku ndi tsiku, kaya a mphumu kaya ma ARV, muwatengere pambali amadamu otsogolerawo muwauze mwachinsinsi, ndipo mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja osati mu sutikesi. Nambala yoimba pangozi ku Germany ndi mayiko onse a mgwirizano wa ku Ulaya wa EU ndi 112, ku UK ndi 999.

Mufunsenso za katemera wa yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko omwe matendawa amapezeka, ndiye munthu akakhalitsa pa eyapoti kumeneko kupitirira maola 12, mayiko ena monga South Africa amafuna kakhadi kachikasu kosonyeza kuti anabayitsa katemerayu. Amayamba kukawerengera patatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 kubayitsa kamodzi ndi kwa moyo wonse.

Mumugulirenso jekete lenileni pa kaunjika ku Limbe. Mwana wokulira kotentha mpaka madigiri 40 mu October, chomwe azungu amati chilimwe iye akanjenjemera nacho. Inunso mayi, aphunzitsi akatsegula gulupu ya WhatsApp, uthenga umodzi patsiku ukukwanireni. Akakhala zii maola asanu musayambe kuitana azibusa, mwina ali m'mwamba.

Amadamu zanga zachitika kale. Ndinapita ndi ana 6 ku mpikisano wa sayansi ku Ulaya, pobwerera ndege inalephereka tinagona masiku awiri. Ndinatenga ndalama yapadera yomwe makolo anasonkha nkulipira hotela ndi chakudya. Pano a komiti akuti ndinadya, pamsika anthu akundiloza, ena akuti njinga yamoto yanga ndinagulira yomweyo chonsecho ndinatenga chaka chatha pangongole.
Wokhumudwa, Ngabu

Pepani achimwene, zimenezi zimawawa kuposa kugona pa benchi ya pa eyapoti. Koma malisiti muli nawo? Ngati munataya, lemberani hotelayo pa imelo ikutumizireni ena, amasunga m'kompyuta.

Ndalamayo mwina itha kubwerako. Ngati ndege inalepherekayo imanyamukira pa bwalo la m'dziko la EU, ali ndi lamulo lawo nambala 261 la 2004. Kampani iliyonse yonyamukira kumeneko, ngakhale ya kuno ku Africa, imayenera kukupatsani chakudya ndi pogona mukamadikira, ndipo mukalipira nokha imayenera kubweza mukaonetsa malisiti. Palinso chipepeso, pa ulendo wopitirira makilomita 3,500 chimafika mayuro 600 munthu mmodzi, pokhapokha ngati chinalepheretsa ndi chinthu choti kampaniyo sikanachitira mwina monga nyengo yoipa. UK nayo ili ndi lamulo lofanana, kumeneko chimafika mapaundi 520. Lembani kudzera pa webusaiti ya kampaniyo, muike nambala ya bukingi, mayina onse 7 ndi zithunzi za malisiti. Sayankha msanga, muzikumbutsa osatopa. Chipepesocho ndi cha aliyense amene anali pa ulendowo osati inu nokha, ndiye muwauziretu a komiti chisanabwere nkomwe, apo bii adzati mwagula njinga yachiwiri.

Pemphani ahedi aitanitse makolo, a komiti ndi anyakwawa akhalepo. Mulembe pa bolodi ndi choko, tinatenga zakuti, hotela zakuti, chakudya zakuti, zatsala zakuti, m'mayuro ndi m'makwacha momwe, ndipo mutchule mtengo womwe munasinthira tsiku limenelo. Mkangano umakonda kuyambira pamenepa, wina akuwerengera mtengo wa lero wina wa pa bulaki, kuiwala kuti kwacha imatha kugwa usiku umodzi ngati mmene inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Ana 6 aja abwerenso anene okha zomwe anadya ndi komwe anagona. Kholo limatsutsa mphunzitsi, koma mwana wake yemwe akaimirira nkuti ababa tinagona m'chipinda cha bafa la madzi otentha, limangoyang'ana pansi. Za pamsikazo zisiyeni, zizilala ikabwera nkhani ina.

Madamu ndili Fomu 4, tikupita ku UK. Amayi andikonzera masau, mbalame zokazinga ndi nyama ya mbuzi yowamba akuti kumeneko kulibe nsima ndikafa ndi njala. Ndinyamule?
Mtsikana wa ku Makhanga

Mwanawe, mbalame ndi mbuziyo udyere limodzi ndi amayi usiku wotsanzikana. UK salola munthu wochokera kuno kulowa ndi nyama kapena za mkaka, kaya yowamba kaya yokazinga, akaipeza amalanda ndipo gulu lonse liima pamenepo kudikira iwe. Masau aawisi nawonso asiye, zipatso zambiri amafuna chikalata cha zaulimi. Botolo la thobwa nalonso umwe usanalowe mkati, pa mabwalo ambiri zamadzimadzi zoposa mamililita 100 sizidutsa pa sikana m'chikwama cha m'manja. Chomwe ine ndimanyamula ndi ufa woyera makilo awiri womata bwino mu sutikesi ndi kamthiko kakang'ono, poti pofika tsiku lachinayi ana amayamba kuyang'ana mbatatesi yophika ija ndi maso achisoni. A kasitomu akakufunsa uwauze kuti ndi ufa wa chimanga, usabise. Poto ukabwereke komweko koma usankhe wokhuthala pansi, wa mayi amene anandisunga ine ndinamupsereza tsiku loyamba lomwe ndipo ndinachezera kukwecha ndi supuni iwo ali mtulo.